Nkhope ya Araba pa kanema wa Fiifi

Loweruka pa 9 Malichi 2024, pa maliro a Araba Mansowa kuno ku Saltpond, mwamuna wake Ekow Bentsil anatulutsidwa m'tenti atagwidwa m'khwapa ngati chidakwa. Sanamwe kanthu, ndinali naye kuyambira m'mawa. Mlandu wake unali woti anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti mkazi amene ankavina pa kanema sanali mkazi wake.

Ine ndine Sagoe. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo Ekow ndadziwana naye kuyambira tili anyamata. Sukulu sanapite nayo patali. Bambo ake anali msodzi, koma iye nyanja inkamusanzitsa, ndiye anakalowa ntchito yosesa m'holo ya kanema kuseri kwa msika. Anasesa makoko a mtedza mpaka mwini holo anamukweza kukachipinda kapamwamba kumene kunali makina oonetsera filimu. M'menemo anakhalamo mpaka imvi. Munkatentha ngati mu uvuni wa nsomba, ndipo filimu ikaduka anthu pansi ankamenya mabenchi.

"Ekow, wagona eti? Mfiti iwe, yatsa!"

Iye ankamata filimuyo mosapupuluma, n'kusuzumira pa kawindo. "Amene akufulumira akaonere kwa agogo ake!"

Chaka china kunabwera ojambula filimu ochokera ku Accra, ndipo anajambula amayi owamba nsomba akuvina kugombe. Filimu yawoyo sinatuluke. Koma anayesera zimene anajambula pa makina a Ekow, ndipo pochoka anamusiyira kachidutswa kakafupi. M'menemo munali mtsikana akuzungulira ndi mpango woyera m'dzanja. Mpango unkadutsa pankhope, nkhope n'kuonekeranso ikuseka. Ekow anamuona pa chinsalu kaye, kenako anapita kukamufunafuna kumauvuni.

"Chemwali, ndakuonani pa filimu."

"Ndiye mwabwera kudzagula nsomba kapena kudzandiuza zimenezo?"

"Zonse ziwiri."

"Yambani ndi nsomba."

Anakwatirana. Lamlungu masana, holo ili yopanda anthu, Ekow ankaika kachidutswa kaja pa makina n'kuonera yekha. Araba ankamuseka. "Mkazi uli naye pano, iwe n'kumakagwada kwa chithunzi? Ujayo akuphikira?"

Mavidiyo atabwera holo inatsekedwa. Lero muli tchalitchi cha zimkuzamawu zimene zimandiwawitsa mutu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Makina anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Ekow analibe kolowera, choncho anakakhala m'nyumba ya akuchikazi, pansi pa mlongo wake wa Araba, Kwamena Otoo, mwini mbumba. Ankasenzera mkazi wake nkhuni za kuuvuni, ndipo mlamu wakeyo ankamupatsa moni yemweyemweyo m'mawa uliwonse: "Alamu, lero mutionetsa filimu yanji? Ija ya munthu wodya za eni?" Kachidutswa kaja kanali m'chitini pansi pa bedi, popanda poonetsera.

Araba atamwalira, mwana wawo Efuwa anafuna kuti amayi ake aoneke pa maliro monga mmene anthu akuchitira masiku ano, pa makanema aakulu afulati opachika m'tenti. Anatenga chitini chija kupita nacho ku Accra. Filimuyo inali itayamba kale kununkha ngati viniga, ndipo atangoikopera pa fulashi inayoyoka. Makanema anabwereka kwa Fiifi Dadzie, amene ndinamuphunzitsa ine ndi manja angawa, ndipo ankakhala kumbuyo n'kumadya m'kalasi.

Ekow anali atadikira zaka zambiri kuti aonenso mtsikana uja. Ndinamuona akupukuta magalasi ake ndi nsalu yakuda imene anavala. Kanema atayamba, amayi anayamba kulira mokweza, ena n'kumati, "Taonani kukongola! Ngati wajambulidwa dzulo!" Ekow anawerama kutsogolo. Kenako anandigwira bondo mwamphamvu.

"Aphunzitsi, akutererayu ndani?"

"Ndi Araba, achimwene. Khalani chete."

"Taonani nkhope! Ikusungunuka!"

Anaimirira. "Si mkazi wanga ameneyu! Zimitsani! Mwamutani mkazi wanga?"

Bokosi linali pomwepo, lisanatsekedwe. Ng'oma zinaleka. Kwamena anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumpando wa abale, nsalu yake ataikoka paphewa.

"Alamu, bwerezani. Anthu amve bwino."

"Ndati uyu si Araba."

"Wakudyetsani mpaka lero, ndiye mukumukana ali m'bokosi? Kapena akukubisirani nkhope chifukwa mukudziwa chimene munamuchita?"

Mawu amenewo ndi amene anatsala m'tauni muno. Amayi amene ankagula nsomba kwa Araba anayamba kunong'onezana kuti womwalira sabisa nkhope kwa munthu wosalakwa. Ekow sanaloledwe kupita kumanda. Miyambo ya wamasiye sanamuchitire. Katundu wake anamuikira panja m'majumbo, ndipo anakathera ku Mankessim kwa mwana wa mlongo wake, m'kachipinda kosungiramo makala.

Ine sindinaone chimene anaonacho, chifukwa maso anga anali pa bokosi. Koma patapita miyezi, mwana wanga anandigulira kanema wa mtundu womwewo, ndipo ine, mosiyana ndi anthu a masiku ano, kabuku kobwera ndi chinthu ndimakawerenga mpaka kumapeto.

Nkhani yake ndi iyi. Filimu imajambulidwa zithunzi makumi awiri ndi zinayi pa sekondi. N'zochepa, n'chifukwa chake munthu akamazungulira mofulumira pa filimu pamakhala kanjenjemera kena, ngati akudumphira pang'ono. Amene tinakulira m'holo tinakazolowera, ndipo kwa Ekow kameneko kanali kavinidwe ka mkazi wake. Makanema afulatiwa amatha kuonetsa zithunzi zambiri kuposa pamenepo, ndipo owapanga anaona kanjenjemerako ngati matenda ofunika mankhwala. Anaikamo nzeru yoti kanema aziyang'ana zithunzi ziwiri zotsatizana n'kupeka zina zoika pakati. Zinthu zikamayenda pang'onopang'ono amapeka bwino, munthu amangooneka woterera ngati wamudzoza mafuta. Koma mpango ukadutsa pankhope mwaliwiro, kanemayo sadziwa pamene nsalu yathera ndi pamene tsaya layambira, ndiye amazisakaniza. Zithunzi zimenezo palibe anazijambula. Makanema ambiri amagulitsidwa nzeruyi ili yoyatsa kale, ndipo pozimitsira anapabisa mkatikati, pansi pa dzina loti munthu sangaliganizire.

Ndinabwereka fulashi kwa Efuwa. Pa kanema wanga, nzeru ija ili yoyatsa, ndinaona ndi maso anga diso la Araba likukokedwa ndi mpango, pakamwa pakuphwanyika n'kubwereranso. Nditazimitsa, anali Araba, akunjenjemera pang'ono, akuseka.

Ndinapita kwa Kwamena. Anandimvetsera akutola minga m'nsomba yake.

"Aphunzitsi, inu ndi mnzake. Kanema wanu anena zimene mwamuphunzitsa. Anthu mazana anaona mlongo wanga, munthu mmodzi yekha anaona chilombo. Abwere mwini makanema aja, ndi kanema yemwe uja, anene pamaso pa mbumba kuti makina ake ndi amene anachita zimenezo. Ndikamva kwa iye, ndidzamutumizira mlamu wanga uthenga."

Sindimukonda Kwamena, koma pamenepo anatsegula khomo. Ndinapita kwa Fiifi. Ndinamupeza akukweza matenti pa lole.

"Aaa, aphunzitsi! Mukadali moyo? Tikubwerekeni tenti yanu pasadakhale?"

Ndinamufotokozera zonse, ndipo sanatsutse. Amadziwa.

"Chimenecho timachisiya choyatsa dala, aphunzitsi. Anthu amafuna zosalala. Ukazimitsa amati kanema ndi wakutha."

"Ndiye bwera ukanene zomwezo kwa Kwamena."

"Ine ndikanene kuti makanema anga amasintha nkhope za akufa? Ndani adzandiitanenso pa maliro kuchokera pano mpaka ku Cape Coast? Mkulu ujatu wakalamba, angoiwala."

"Sanaone manda a mkazi wake, Fiifi."

"Ndiganizira, aphunzitsi. Ndikuimbirani."

Sanaimbe. Ndabwererako kangapo, ndipo mkazi wake amandiuza kuti wangotuluka kumene, lole ili pabwalo.

Choipa kwambiri ndinachipeza ku Mankessim. Ndinapita ndi nkhani yabwino, ndikuganiza kuti Ekow alumpha. Ndinamupeza atakhala pa thumba la makala, dokono wake wa dzulo, nsima yathu yokulunga m'masamba, ali pambale osamumasula masamba. Waonda moti magalasi amamugwa. Ndinamuuza kuti sanalakwe, kuti ndaona ndekha, kuti tiyeni kwathu akaone.

"Ayi, aphunzitsi."

"Bwanji?"

"Anthu onse aja anamudziwa. Efuwa anamudziwa. Mwina ndine amene ndinamuiwala nkhope. Ndikatseka maso tsopano ndimaona yosungunuka ija. Ndikapita kwanu n'kukaonanso yomweyo, nditani?"

"Mukukana kundikhulupirira ine?"

"Inu mumandimvera chisoni. Anene amene anaonetsa."

Ndiye awiri amene sanagwirizanepo pa chilichonse, Kwamena ndi Ekow, akudikira pakamwa pa munthu mmodzi. Mwezi wamawa mbumba ikumana kukumbukira Araba, adzathira mowa pansi n'kutseka nkhani zonse za maliro ake. Nkhaniyi ikatsekedwa ili chonchi, Ekow adzafa ali munthu amene anakana mkazi wake pa bokosi, ndipo mmene ndinamuonera ine, sachedwa.

Fiifi Dadzie, ndikudziwa kuti umawerenga, chifukwa ndinakukakamiza ndine. Ntchito yake ndi kunyamula kanema mmodzi, kudina rimoti kawiri, ndi kunena zimene unandiuza pafupi ndi lole yako. Galimoto yokatenga Ekow ndipeza ine. Ubwera pamaso pa mbumba tsiku limenelo, kapena subwera? Undiyankhe.