Wotchi Yoneneza ya a Telala

A Telala a pakhonde la sitolo ya mabuku sadziwa kukhala phee. Akamasoka mayunifolomu a ana asukulu, phazi limapalasa makina, pakamwa aluma mapini, maso ali kumsewu. Makina akaima, phazilo limangogwedezekabe pansi pa tebulo. Mtima wawonso ndi wapachala. Kasitomala akachedwa kusankha mabatani, amamusankhira okha.

Kuthamanga anayamba ali mnyamata. M'mawa uliwonse amadutsa pamlatho, kukwera chitunda cha kuthanki ya madzi, n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Chaka chatha anagwa pachitundapo. Kuchipatala anawauza kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

"Ndiye magazi azithamanga mwiniwake nditakhala pansi?" anafunsa.

Akazi awo sanaseke. Anatenga nsapato zothamangira n'kuzitsekera m'sutikesi. Masiku amenewo a Telala anasoka thumba la kabudula chozondoka, anakangana ndi wogulitsa ulusi, ndipo kunyumba ankangoyendayenda kuchoka pakhomo kupita pawindo mpaka mphaka anasamukira kukhitchini.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anabwera ndi wotchi yakuda.

"Bambo, adokotala sanaletse kuthamanga, aletsa kudzipha," anatero akuwamanga pamkono. "Iyi imawerenga kugunda kwa mtima. Ukapyola malire amene adokotala anena, ilira, ndiye inu muziyenda. Muzithamanga liwiro loti mutha kulankhula. Zonse ndiziona pafoni yanga. Mukainyozera, nsapato zibwerera m'sutikesi, kiyi ndisunga ine."

"Basi mwandigulira kazitape."

Wotchiyo sinkachedwa. Akangofika pamlatho, tii tii tii. Ankayenda akutukwana chamumtima, n'kuyambanso, iyo n'kuliranso. Choipitsitsa chinali wometa tsitsi wa khomo loyandikana ndi khonde lawo, amene akhala akupikisana naye pachitundacho kuyambira kale. Iye ankawadutsa ngati mphepo.

"Mwadzuka bwanji agogo! Mwataya singano kodi? Ndikuthandizeni kufuna?"

Tsiku lina a Telala analephera kuugwira mtima. Anavula wotchi, kuiponya m'thumba, n'kumuthamangitsa wometayo mpaka kuthanki. Anafika maso akuchita mdima, koma anafika limodzi naye. Masana namwino anatulukira pakhonde la sitolo, foni ili m'manja.

"Bambo, foni ikuti kuyambira pamlatho mpaka kuthanki munalibe mtima. Tiitane abale?"

Wometa anaseka mpaka anam'dula kasitomala mzere wokhota. Koma namwinoyo misozi inali italengeza.

"Ulendo munagwa uja anakutolani ana asukulu. Wina akutolani ndani? Mukabwereza, basi."

A Telala anayang'ana pansi. Phazi linaima.

Kuyambira pamenepo anaimvera wotchiyo, ngakhale monyinyirika. Poti anauzidwa kuti azilankhula, ankalankhuladi. Ankapereka moni kwa osesa mumsewu, kudzudzula agalu, kuwerengera mitengo ya magetsi maoda a zovala amene sanamalize. Anthu ena ankati telala wayamba misala. Miyezi itapita anazindikira kuti adutsa pamlatho wotchi ili chete. Kenaka inayamba kulira pakati pa chitunda, kenakanso pafupi ndi pamwamba. Liwiro linkakwera lokha, mtima osadandaula.

M'mawa wina wometa anawapeza m'munsi mwa chitunda.

"Agogo, singano ija simunaipezebe?"

Miyendo ya a Telala inayabwa. Anayang'ana pamkono, anayang'ana kuthanki, n'kupitiriza liwiro lawo lomwelo. Wometa anathamanga mwamphamvu, koma pakati pa chitunda mpweya unamuthera, ndipo a Telala anamupeza.

"Achimwene, poti takumana, tikambe za tsitsi lanu lija limaulukira pansalu zanga."

"Tsi... tsitsi..."

"Ndiponso wailesi yanu. Munthu angamete bwanji mutu wa mnzake akuvina?"

Wometa anangotukula dzanja, mawu osatuluka. A Telala anamuyalira madandaulo onse a zaka zambiri, limodzi ndi limodzi, mpaka kuthanki. Wotchi sinalire.

Atafika kunyumba anavula nsapato n'kuziika pakhomo, poonekera. Akazi awo anaziyang'ana, anayang'ananso sutikesi, n'kungozikankhira pambali ndi tsache. A Telala anali atakhala kale pampando, akumwa tiyi, phazi likugwedezeka.