Galimoto Itatitimira Kumunsi kwa Mudzi Wathu

Mudzi wathu uli pamtunda. Msewu wochokera ku Boma la Dedza kulowera cha ku Chimbiya umadutsa kumunsi kwake, m'dambo, kenaka n'kukwera chitunda chachitali. Chaka chimene nkhondo ya azungu inakula kumpoto, ine ndinali ndi mwana mmodzi, wakubere. Msewuwo amuna anali ataukulitsa ndi makasu kuti muzidutsa magalimoto onyamula katundu wa asilikali.

Amuna a kwathu anapenga nawo magalimotowo. Akangomva kulira kwake ankataya makasu m'mizere n'kuthamangira kumsewu, ndipo pobwera ankakangana mpaka kuiwala kudya. Achimwene anga, amene anagwirapo ntchito yosesa ku Boma, ankakonda galimoto ija yaitali yonyezimira imene ankakwera bwana wamkulu, ya mipando yachikopa ndi nyali zamkuwa. Amuna anga ankakonda timagalimoto ting'onoting'ono ta bokosi kumbuyo, tosaoneka bwino, timene tinkanyamula matumba.

"Alamu, maso anuwo ali ndi ng'ala kodi?" ankatero achimwene. "Ija mukakhalamo simudziwa n'komwe kuti pansi pali mwala. Ngakhale kulira kwake, imalira ngati munthu wokhuta."

"Yokhuta yanuyo si ija tinaikoka ndi zingwe padambo paja? Kulemera ngati ng'ombe yakufa! Kanga kaja kamatsokomola, koma kamafika."

"Kanu? Mwakagula liti, munthu wopanda ndi bulu yemwe?"

"Ndikadzagula inu muzidzathamanga pambuyo."

Onse ankaseka. Ine sindinkaseka nawo, mwana ali pabere. Sikuti magalimotowo ndinkadana nawo, ayi. Ndinkawafunira moyo kuposa amuna onsewo, chifukwa ndinkadziwa chimene chimachitika galimoto ikafera panjira. Katundu wake sadikira. Amamumasula n'kusenzetsa amuna a mudzi wapafupi, ndipo munthu akangosenza mtolo wa nkhondo samutula pamudzi wotsatira. Amakhala mtengatenga, n'kumangopita kumpoto. Kutsidya kwa dambo lathu kunachoka amuna motero. Amene anabwerako anabwera mafupa okhaokha, akutsekula m'mimba, ndipo ena mpaka lero akazi awo sadziwa kumene anagona.

Panalinso china. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi wake, choncho amuna anga anali mkamwini. Boma likafuna anthu, mudzi suyamba ndi ana ake. Umayamba ndi akamwini. Palibe amene amanena zimenezi poyera, koma mkazi aliyense amadziwa.

M'mawa wina wa dzinja, chimanga chitamasula, kunacha ndi chifunga moti phiri silinkaoneka. Ndinali kuchapa nsalu za mwana kuseri kwa nyumba pamene ndinamva galimoto ikutsikira kudambo. Inalira monga mwa masiku onse, kenaka inalira mokwera ngati mbuzi yomangidwa, kenaka zii. Ndinaima nsalu ili m'manja. Ndinadikira kuti mwina iyambanso. Sinayambe.

Ndinabereka mwana n'kutsika. Inali imodzi mwa zing'onozing'ono zija, zokondedwa ndi amuna anga, itatitimira m'matope mpaka pamimba, kumbuyo itadzaza matumba ndi mabokosi. Woyendetsa anali mzungu wofiira nkhope, matope mpaka m'mawondo. Panalinso asilikali ndi kapitawo wolankhula ngati anthu a kumwera, atakoleka chingwe paphewa. Kapitawoyo sankayang'ana galimoto. Ankayang'ana amuna amene anasonkhana, mmodzimmodzi, kuyambira kumapewa mpaka kumiyendo.

"Dzuwa likafika pamutu iyi isanatuluke, timasula katundu," anatero.

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe dzuwa, kunali chifunga chokha. Ndiye kuti nthawiyo akanainena yekha, pamene wafunira.

"Mwaona, alamu? Kanu kaja kagona," anatero achimwene, koma mawu awo anatuluka opyapyala ndipo palibe anaseka. Amalume, amene ankayang'anira mbumba yathu, anasendera kwa kapitawo n'kumalankhula chapansipansi. Sindinamve mawu, koma ndinawaona akuloza ndi mlomo kumene kunaima akamwini.

Mzungu anaidzutsanso galimoto, amuna n'kuyamba kukankha. Anathyola nthambi n'kuika kunsi kwa matayala, koma zinali zaziwisi ndi zonyowa. Matayala ankangozungulira, kuwaza matope kumaso kwa anthu, galimoto n'kumaloweralowerabe. Kenaka inazimanso. Msilikali wina anakwera pamwamba n'kuyamba kugwiragwira mfundo za zingwe zomangira matumba.

Pamafunika chinthu chouma, ndipo nthawi ya dzinja chouma chimapezeka pamalo amodzi. Ndinathamanga kukwera kumudzi, mutu wa mwana ukugunda pamsana panga. Ndinakwera pamtondo n'kuyamba kusolola udzu wa denga lathu, uja wam'kati umene mvula siufika.

"Iwe, wapenga?" anakuwa amayi anga. "Mvula yonseyi mugona pati?"

"Amayi, denga ndidzafolera lina. Ndigwirireni mtolowu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kudambo, ndipo sanafunsenso. Anandisenzetsa mtolowo.

Sindinaitane munthu, koma potsika ndinaona kuti sindili ndekha. Akazi ena okwatiwa ndi akamwini anali pambuyo panga. Wina anasenza mphasa zake zonse. Wina anagumula mbali ya nkhokwe imene inalibe chimanga. Msuweni wanga, amene anali ndi pakati, anazula chitseko chansungwi cha nyumba yake n'kumachikoka pansi chifukwa sakanatha kuchisenza.

Tinalowa m'matope. Tinafukula ndi manja kutsogolo kwa matayala, n'kuyala udzu, pamwamba pake mphasa, pamwamba penipeni chitseko. Chitsulo cha galimotoyo chinkatentha ndi kununkha pafupi ndi tsaya langa, ndipo ndinkaopa kuti ingadzuke yokha n'kundiponda ine ndi mwana yemwe. Amuna anga anandinong'oneza kuti, "Amake mwana, chokanipo apo, mupweteka." Ndinapitiriza kuyala udzu. Ndikanatsegula pakamwa ndikanalira pamaso pa asilikali.

Mzungu anapita kutsogolo n'kupukusa chitsulo chodzutsira galimoto. Inatsokomola n'kuzima. Anapukusanso, inazimanso. Ndinayamba Tikuoneni Maria mumtima, monga anatiphunzitsira kusukulu ya mishoni, koma mawu ankasokonekera, ndinkangobwereza mzere woyamba. Kapitawo anatsitsa chingwe chake paphewa n'kuchigwira m'manja.

Kenaka inalira. Matayala analuma chitseko, nsungwi zinathyokathyoka, galimoto inagwedera uku ndi uku n'kutuluka. Akazi ena anayamba nthungululu, koma kapitawo anakuwa: "Osasiya! Mpaka pamwamba!"

Amuna anapitirira kukankha, mitu pansi, asilikali ali pambuyo pawo. Anakwera chitunda n'kulowa m'chifunga. Poyamba tinkaona misana yawo, kenaka tinkangomva galimoto, kenaka nayonso sinamvekenso.

Tinatsala akazi okhaokha m'dambomo ndi achimwene, amene anabwerera panjira akuti phazi lawo laponda minga. Palibe anawafunsa. Mwana ankalira ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti sanayamwe chiyambire m'mawa. Ndinakhala pamwala n'kumuyamwitsa, maso ali kuchitunda. Mvula inayamba kuwaza. Ndinkadzifunsa ngati sitinangowathandiza asilikali kutenga amuna athu opanda ndi kamba yemwe wapanjira.

Anayamba kutulukira mmodzimmodzi. Aliyense akaoneka m'chifungamo, tonse tinkaimirira, mkazi mmodzi n'kuthamanga, ena n'kukhalanso pansi. Anga anafika kumapeto, akutsimphina, dzanja litapsa ndi chitsulo. Pambuyo pawo panalibenso munthu.

Msuweni wanga anawagwira mkono. "Alamu, amuna anga ali kuti?"

Amuna anga anayang'ana pansi. "Awakweza pamwamba pa matumba ndi mnzawo wina, kuti akathandize kukankha pamtsinje wakutsogolo. Akuti abwerako mawa."

"Wanena ndani?"

"Kapitawo."

Msuweni sanalire. Anawerama n'kuyamba kutola zidutswa za chitseko chake m'matope, ife n'kumuthandiza.

Titafika kunyumba ndinawasambitsa dzanja lija n'kulimanga ndi kansalu koyera. Madzi ankadontha pakati pa nyumba, pamene pankakhala mphasa ya mwana. Amuna anga anati, "Akuti pambuyo pakubwera magalimoto ena ambiri, olemera kuposa ija."

Ndinawapatsa mwana kuti amugwire ndi dzanja labwinolo. Ndinatuluka, n'kukweranso pamtondo, ndipo ndinayamba kumasula luzi la mbali ya denga imene inatsala, kuti udzuwo udzasololoke msanga.