Azakhali Adabwera Kudzakonza M'nyumba

Kuntchito amamutchula kuti Halo, poti ndiye amayankha lamya pakampani ya mabasi. Maso adasiya kuona ali wamng'ono atadwala chikuku. Adakulira kwa azakhali ake, mayi wachifundo chosefukira ngati mvula yogwetsa nyumba. Kumeneko mpeni sankaugwira, ketulo sankaiyandikira, ngakhale nthochi ankachita kumusendera. Alendo akabwera ankafunsa azakhaliwo kuti, "Nanga uyu amamwa tiyi?" mwini wake ali pomwepo, makutu ali bwinobwino.

Atapeza ntchito adachita lendi kachipinda kake. Abale adadandaula ngati pagwa maliro. Mchimwene wake wamkulu, munthu wosadziwa n'komwe komwe masokosi ake amakhala, ndiye adagamula: "Ukangovulala kamodzi kokha, ukubwerera kwa azakhali." Kiyi wina adatenga azakhaliwo, akuti mwina pangagwe zadzidzidzi.

M'kachipindamo chilichonse chinali ndi malo ake. Botolo la mchere linali ndi kamphira pakhosi, la shuga linalibe. Mpando unkakhala kukhoma, mabulauzi oyera kumanzere, amaluwa kumanja. Halo ankayendamo osagunda kanthu. Moyo umenewu ankaukonda kwabasi, makamaka kulira kwa loko akamakhoma yekha chitseko.

Tsiku lina iye ali kuntchito, chifundo chidawakwera azakhali. Adabwera ndi tsache n'kukonza m'nyumba monse. Mpando adauika pakati kuti pazioneka bwino, kamphira kaja adakataya akuti n'kauve, zovala adazisanja mwatsopano. Halo polowa adamenyetsa bondo pampandowo n'kugwa chafufumimba. Mu tiyi adathira mchere. M'mawa adapita kuntchito akutsimphina, atavala bulauzi yamaluwa pasiketi yamizeremizere.

Lamlungu abale adakumana kwa azakhali.

"Taonani bondolo!" adatero azakhali, misozi ili lengelenge. "Ndidanena ine. Ndikadapanda kukakonza m'menemuja, bwenzi mwanayu atathyoka khosi."

"Basi," adatero mchimwene uja. "Mwezi ukatha, katundu abwere kuno."

Mtima udamuwawa Halo, chifukwa adadziona kale akusenderedwanso nthochi mpaka ukalamba. Koma adangoti, "Ndamva, achimwene."

Abale atabalalika, azakhali adavula magalasi awo n'kukagona pang'ono monga mwa chizolowezi. Apa Halo naye chifundo chidamukwera. Nyumbayo ankaidziwa bwino, ndiye adaikonza ndi mtima wonse. Tebulo adalikokera pakhomo la kuchipinda, nsapato adazilowetsa kunsi kwa sofa. Magalasi aja adakawaika m'kabati pamodzi ndi matambula, poti zonse n'zosweka. Atatha adatseka chitseko mwakachetechete n'kumapita.

Asanafike n'komwe kwake, foni idalira.

"Halo?"

"Iwe! Magalasi anga ali kuti? Ndagunda tebulo, bondo latupa, nsapato sindikuzipeza!"

"Ndinangokonzako, azakhali. Zinthu zinali mbwee."

"Wakutuma ndani kukonza m'nyumba mwa eni? Ine chilichonse ndimadziwa pomwe chimakhala!"

"Ndiye mwavulala? Pepanitu," adatero Halo ndi mawu ake aulemu a kuntchito. "Ndiwauza achimwene. Mwezi ukatha mudzakhale kwa ine, azakhali. Zikuoneka kuti simungathenso kukhala nokha."

Halo ankangomva kupuma kwa mayi amene adamulera, amene chichokereni iye analibenso woti azimusendera nthochi. Adawamvera chisoni, koma sadabweze mawu ake aja.

"Magalasi ali m'kabati, pamatambula," adatero Halo potsiriza.

Mwezi udatha, katundu osasuntha. Mchimwene atayambitsanso nkhani ija, azakhali adamudula: "Yamba wapeza masokosi ako."

Kupepesa sadapepese, mayi uja sapepesa. Koma tsiku lina Halo pobwera kuntchito adaponda kachitsulo kamene wina adakalowetsa kunsi kwa chitseko. Adakatola n'kukapapasa mano ake. Anali kiyi uja. Adamukoleka pamsomali wakuseri kwa chitseko, pomwe wagalimoto yonyamula katundu kapena wachifundo aliyense sangamufikire osagogoda.