Pani Leokadia Atuluka m'Dzenje

Pani Leokadia, monga timatchulira Mayi Leokadia kwathu kuno, anakalambira m'dzenje. Linali kutsogolo kwa nsanja, m'nyumba ya zisudzo ya tauni yathu ya m'mbali mwa mtsinje wa Warta, kabowo kongokwana munthu mmodzi, nyali ndi buku. Ntchito yawo inali kunong'oneza mawu kwa wosewera amene waiwala. Analowamo ali namwali nkhondo itangotha, ndipo imvi zinawapeza momwemo. Anthu a m'tauni sankaidziwa nkhope yawo, koma iwo ankadziwa akakolo a wosewera aliyense, ndi amene amanjenjemera akalawa kachasu.

Kenaka kunabwera mkulu watsopano, Pan Rdzanek, wandevu ndi juzi yakuda. Anachotsa makatani, mipando yagolide ndi mitengo yopenta, nsanja n'kutsala mbee. Ankati wosewera weniweni saiwala, thupi limamkumbutsa, ndipo dzenje lija ankaliyang'ana ngati dzino lobooka. Nyengo yachisanu itafika anaitana mlendo wa ku Japan, Pan Tsuruoka, katswiri wa masewero akale a zigoba za kumaso. Mlendoyo anadza kudzaphunzira kufuula ndi kudzigwetsa kwa Pan Rdzanek, nayenso n'kuphunzitsa osewera athu kuyenda mokhwekhwereza, chidendene osachoka pansi.

"Ndi dazi langali ndiphunzire kuyenda ngati khanda?" anadandaula Pan Hipolit, wosewera wamkulu pa onse. "Lodzia, mtima wanga, tandinong'oneza phazi loyambira."

"Yambani ndi losaledzeralo," mawu a Pani Leokadia anatuluka m'dzenje, poti Lodzia linali dzina lawo lachidule.

Mlendoyo anali ndi buku la nyimbo za masewero ake, la mapepala ofewa osokedwa ndi ulusi, limene anamsiyira mphunzitsi wake pomwalira. Asanalitsegule ankalikweza pamphumi. M'mawa wina linatsetsereka pampando, n'kugwa pamene Pani Leokadia amadutsa ndi tambula ya tiyi. Tsono kwathu kuno buku la sewero likagwa umaliponda lisanatoledwe, apo ayi sewero lidzagwa nalo. Mayiwo sanaganize n'komwe. Phazi linapita lokha, nsapato ili khathi matope a chipale chofewa chosungunuka. Khu!

Pan Tsuruoka anagwada, nadikira mpaka phazi litachoka. Anapukuta chikutocho ndi mkono wa malaya, matope n'kumangopakika. Analikulunga bukulo m'nsalu, natuluka osayang'ana munthu.

"Mwachita chiyani, mayi inu?" anatero Pan Rdzanek.

"Ndapulumutsa sewero, bwana."

"Mwapulumutsa! Munthu ndamulembera makalata mpaka dzanja kuuma, inu n'kumupondera mphunzitsi wake kumaso! Akapanda kubwerera, dzenje lanulo ndilikhomera matabwa. Kaya muli kunja kaya muli m'kati, n'zanu."

Mlendo sanaoneke tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Pani Leokadia anakhala m'dzenje mwawo, buku lili chotseka pamiyendo, akumva kalipentala akuyeza pamwamba pa mutu wawo. Kunyumba kunalibe wowadikira, kupatula mphaka ndi mbaula. Akachoka muno adzanong'oneza ndani?

Anavala chikhoti chawo cha ku Misa, natenga botolo la nkhaka zoviika mumchere, nakamgwira mkono Pan Rdzanek. "Tiyeni. Chifalansa chimene mlendoyo amamva mumachidziwa ndinu. Ndipo munene zonse, osadula."

Pakhomo pa chipinda cha mlendo anavula nsapato, chala chili pamtunda pa sokosi yobooka. Buku lija linali pathebulo, chidindo cha chidendene chawo chikuonekabe. Anafotokoza za mwambo wathu, kuti mabuku amene amawakonda ndi amene anawaponda kwambiri. Pan Tsuruoka anamvetsera nkhope ili gwa. Nkhakazo sanaziyang'ane. Patapita nthawi anafunsa kanthu.

"Akuti ntchito yanu n'chiyani," anatero Pan Rdzanek, nayankha yekha mwachidule, akuloza pansi.

Mlendoyo anakweza nsidze, nalankhula nthawi yaitali. Khosi la Pan Rdzanek linayamba kufiira.

"Akuti chiyani?"

"Akuti kwawo wokumbutsa mawu sabisala. Amakhala pansanja pomwepo, kumbuyo kwa osewera, anthu akumuona, ndipo chogwa amatola ndi iyeyo. Akuti amakhala munthu wamkulu. Akuti abwerera, koma inu mukhale pamenepo, chogwada, osagwedezeka mpaka sewero litatha. Akufuna aone ngati mapazi anuwo angakhale chete."

Kaya chinali chilango kaya ulemu, Pani Leokadia sanadziwe, ndipo nkhope ya mlendoyo sinawathandize.

"Anthu azindiona?"

"Tauni yonse. Mukangosuntha, ine ndi inu tathana."

Tsiku la sewero anawaveka zakuda, nawagwadika kumbuyo kwa nsanja, opanda buku. Nyali zitayaka anaona zimene sanazionepo chiyambire: nkhope mazanamazana, mkazi wa dokotala, wogulitsa nyama, onse maso ali pa iwo, akudabwa kuti gogoyu ndani. Thukuta linatsika pamsana. Posakhalitsa mawondo anayamba kuyaka, kenaka miyendo inafa dzanzi. Mphuno inayabwa. Anailuma milomo.

Pakati pa sewero Pan Tsuruoka anadza chokhwekhwereza atavala chigoba cha mkazi wamasiye, ndipo mwadzidzidzi anadzigwetsa, nafuula mfuu ya Pan Rdzanek, yong'amba pakhosi. Pan Hipolit, amene amayenera kumuyankha, anangoti kakasi. Maso ake anathamangira kudzenje. Munalibe munthu.

Chete uja anatalika. Wina anatsokomola kumbuyo. Pani Leokadia, mutu osatembenuza, anaponya mawuwo kumsana kwa nkhalambayo: "Sindikudziwa, mkazi iwe." Pan Hipolit anawawakha, sewero n'kupitirira.

Anthu ataomba m'manja n'kutuluka, mayiwo anali chigwadire. Kudzuka kunakanika. Pan Tsuruoka anavula chigoba, nawagwadira mpaka mphumi kugunda thabwa, kenaka anawagwira kukhwapa kwina, Pan Hipolit kwina.

"Ukulemera, Lodzia."

"Nyamulani, mwaiwala mawu atatu okha inu."

Dzenje analikhomera ndithu sabata yomweyo. Pani Leokadia anagwada kumbuyo kwa nsanja ija mpaka tsiku lopuma ntchito, ngakhale mlendo atabwerera kwawo, ndipo m'sitolo ya nyama anayamba kuwapatsa moni powatchula dzina.