Chipolopolo Chachinayi cha Remzi Usta

Ine ndi Remzi tinagwira ntchito pa benchi limodzi kuyambira tili anyamata mpaka imvi zitatimera. Mudzi wathu, kumtunda kwa tauni ya Beyşehir, umadyera mfuti. Ena amaboola mipope, ena amasula timabawuti, ena amapaka polishi pakhonde. Remzi anali wosema zogwirira. Thabwa la mtengo wolimba wa ceviz likalowa m'manja mwake linkatuluka losalala moti ogula ankayamba alisisita asanafunse mtengo. N'chifukwa chake ngakhale akuluakulu ankamutchula kuti Usta, mmisiri.

Mfuti zathu zambiri ndi zija zimadzilowetsa zokha chipolopolo china zikangowomba. Kapaipi kake kamatha kusunga zipolopolo zingapo, koma lamulo la ulenje limalola ziwiri m'kapaipimo ndi chimodzi m'mimba mwa mfuti, basi. Malo otsalawo amatsekedwa ndi kamtengo kamene timati takoz. Alenje ambiri akangofika kuphiri amakasolola n'kukaponya m'thumba. Remzi sankatero, ndipo ku tiyirumu ankamuseka nazo, makamaka mng'ono wake Hüsnü, mkulu wonenepa woyendetsa thirakitala, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka kumzikiti.

"Achimwene, kodi boma linakulonjezani mendulo?" Hüsnü ankatero akutakasa shuga m'tiyi. "Mfuti mwapanga nokha, kenako mwaitseka pakamwa nokha."

"Iwe ukaphonya katatu, kachinayi ukalasa ng'ombe ya eniake," Remzi ankayankha osatukula mutu.

"Nanga nguluweyo imadziwa kuwerenga?"

Anthu ankaseka, Remzi n'kumulipirira mng'ono wakeyo tiyi, monga ankachitira tsiku lililonse.

Chaka china nguluwe zinatilowerera. Nyemba, chimanga, ngakhale mbatata za kumunda wa imamu, zonse zinafukulidwa. Nyama yake ife sitidya, timangoipha kuti tikolole. Titapempha, boma linatiloleza kusaka pagulu. Tinakwera phiri mmawa wina wa chifunga, masamba atathothoka kale. Ine anandiika kutsidya kwa khwawa, abale awiriwo anaima moyandikana pansi pa thanthwe.

Ndinamva agalu akuuwa, kenako mfuti ya Hüsnü kawiri. Kenako ya Remzi, yomwe ndinkaidziwa kulira kwake: kamodzi, kawiri, katatu. Panakhala chete. Ndiyeno munthu anakuwa.

Zomwe zinachitika anandiuza Remzi mwini wake patapita miyezi. Hüsnü analasa nguluwe yamphongo paphewa, mfuti yake n'kukanirira. Nyamayo inamulunjika. Remzi anawombera, koma ankaopa kulasa m'bale wake, ndiye ziwiri zinapita m'mwamba, chachitatu chinailowa m'mimba koma sichinaigwetse. Anakoka kachinayi, mfuti inangoti phee. Pamene ankapisa m'thumba kufuna chipolopolo china ndi zala zouma ndi chisanu, nguluwe inali itang'amba kale ntchafu ya Hüsnü. Tinamumanga ndi lamba, tinamutsitsa pa chitseko cha khola la abusa. Anatisiya m'galimoto, tisanafike pamsewu wa tala.

Pamaliro anthu ankalankhula motsitsa mawu. Ena ankati pakanakhala chipolopolo china munthu akanapulumuka. Ena ankati munthu amene akunjenjemera amaphonya ngakhale khumi. Palibe amene ananena izi pamaso pa Remzi, koma mudzi wathu ndi waung'ono.

Patangotha sabata ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake ataphwasula mfuti. Takoz anali atauponya m'mbaula.

"Remzi, alonda akakugwira atenga chiphaso chosakira," ndinatero.

"Atenge."

Kuyambira pamenepo anasintha. Ku tiyirumu anasiya kubwera. Ntchito ankaigwirabe, koma mwamsanga, ndipo akangoweruka ankalowera kuphiri yekha, nyengo yosaka kapena yoletsedwa. Anapha nguluwe zambiri moti miimba inazolowera kumutsatira. Mkazi wake, Zekiye, anabwera kwathu kudzadandaula kwa mkazi wanga kuti bamboyo amadya ataimirira, ndipo mapemphero a Lachisanu anawasiya.

Mlamu wake, mkazi wa malemu, anamudikirira tsiku lina pachipata.

"Alamu, ine sindinakuimbeni mlandu," anatero. "Ana awa akufuna bambo wamkulu wamoyo. Mukatha nguluwe zonse m'phirimu, Hüsnü adzuka?"

Remzi anangoti, "Ndamva, mlamu," n'kupitirira ndi mfuti yake paphewa.

Anamugwira chaka chachiwiri, chipale chitangoyamba kusungunuka. Alonda a nyama zakutchire awiri anamupeza pa kasupe akumwa madzi. Wamkulu wawo anali munthu waulemu, ndipo mfuti ya bambo ake chogwirira anasema ndi Remzi yemweyo.

"Usta, pepani, titulutsireni zipolopolo tione."

Remzi anakoka chitsulo. Chinagwa chipolopolo choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mlondayo akuti anayang'ana kumbali, ngati akumupatsa mpata woti alekere pomwepo. Remzi anakokabe mpaka zonse zitagwera m'matope.

"Bwanji simunaime, bambo?" mlondayo anafunsa motsitsa.

"Ukanandifunsa ngati zatha, ndikanakunamiza? Lemba zimene waona, mwana wanga."

Mfuti inapita, chiphaso chosakira chinapita, ndipo analipira chindapusa. Anthu ena anakwiyira alondawo, koma Remzi sanawanenere choipa chilichonse. M'mudzi momwe nyumba iliyonse muli mfuti, akanatha kubwereka kwa aliyense. Ineyo ndinamuuza kuti yanga ilipo. Anakana.

"Ndikagwidwa ndi yako, alanda iwe," anatero.

Chaka chimenecho analondera munda wake ndi zitini ndi ng'oma yakale yodzutsira anthu m'mwezi wosala kudya wa Ramazani. Nguluwe zinazolowera phokosolo pasanathe mwezi. Anakolola nyemba zosadzaza n'thumba lomwe, ndipo chaka chotsatira sanadzale.

Nthawi ya chilango itatha anayamba kuyendera chiphaso china. Pamafunika kalata ya dokotala, ndiye tinapita limodzi m'tauni. Dokotala anamuuza kuti atambasule manja. Ankanjenjemera ngati masamba. Anamuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma, ndipo anangokwanitsa mzere wapamwamba. Dokotalayo, mayi wachitsikana, anamufotokozera bwinobwino kuti sangasaine, koma ng'ala ya m'maso ikhoza kuchotsedwa.

"Nanga manjawa?" Remzi anafunsa.

Mayiyo anapukusa mutu, ndipo Remzi anavala chipewa chake.

Tinakwera basi yobwerera n'kudutsa mlatho. Kenako Remzi anati, "Ukudziwa, mwina zikanakhala zisanu ndikanaphonya zonse. Ndimaganiza zimenezo tsiku lililonse. Sindidziwa chomwe chikanandipepukira."

Manja omwewo anamuchotsanso pa benchi. Anaononga mathabwa awiri a ceviz sabata imodzi, ndipo sanadikire kuti wina amuuze. Anakulunga tchizulo zake m'nsalu n'kuzipereka kwa mwana wamkulu wa Hüsnü, amene anazigulitsa chifukwa iye amagwira ntchito pa makina osema okha.

Zekiye atamwalira, mwana wawo wamkazi anamutengera kumzinda wa Konya, m'nyumba yosanjikizana yoyang'anizana ndi malo oimika mabasi. Ndinakamuona kamodzi. Ndinamupeza atakhala pawindo, atavala jekete ngati munthu amene ali paulendo. Mdzukulu ankamumwetsa tiyi ndi kapu ya chigwiriro chifukwa galasi linkamupulumuka. Anandifunsa za anthu a m'mudzi mmodzimmodzi, amene ali moyo ndi amene anapita, ndiponso ngati denga la nyumba yake likudontha. Ndinamuuza kuti likudontha pakona ya kukhitchini. Anati abwera dzuwa likayamba kutentha adzakonze.

Anamwalira mwezi wa Febuluwale, msewu wa kwathu utatsekeka ndi chipale. Mtembo unalephera kukwera phiri, ndiye anamuika konko ku Konya. Ife tinamva patapita masiku, ndipo imamu anatitsogolera pemphero m'mzikiti wathu, tilipo amuna ochepa okha.