Mwendo wanga m'manja mwa mkamwana

Njira ija ndinaisankha ndine. Mwana wanga Lusekelo atatitengera ku Nyika kukaona mbidzi, wotiperekeza wa m'pakimo anatchula njira ziwiri zoyenda tsiku limodzi: yachidule yodutsa m'dambo, ndi yaitali yotsikira ku mathithi. Wotiperekezayo anayang'ana imvi zanga nati, "Adada, yam'dambo ikuyenerani."

Zinandiwawa. Ndinati, "Ya ku mathithiyo ndinkaiyenda ndili mnyamata." Linali bodza. Ine ndine wa ku Ngara, ndinakulira m'bwato, ndipo phiri limene ndinakwerapo ndi chulu.

Pobwerera, pachikweza, mtsempha wa mwendo unakokana, ndipo ndinagwa ngati thumba la chinangwa. Lusekelo ndi wotiperekeza uja anali atatsogola kutali. Pambuyo panga panali mkazi wa Lusekelo, namwino wa ku Dedza. Kwathu kuno mkamwana sayandikira apongozi aamuna, ndipo ine ndakhala ndikumunena kwa anthu kuti alibe mwambo chifukwa amandipatsa moni akundiyang'ana m'maso.

Anagwada, nandivula nsapato, nayamba kuwongola mwendowo.

"Mama, musandigwire," ndinatero.

"Ndiye mugona konkuno ndi afisi, bambo? Yang'anani kumbali ngati mukuchita manyazi."

Ndinayang'anadi kumbali, chala changa chikusuzumira pa sokosi yobooka. Chikweza chonsecho ndinachimaliza nditatsamira paphewa pake.

Titafika kumudzi, ndinauza anzanga kuti amene anandithandiza ndi wotiperekeza uja. Mkamwana wanga anali pomwepo, akutithirira madzi osamba m'manja. Sanatsutse. Anangogwada patali, maso ali pansi monga ndinkafunira, nafunsa, "Mwendo uli bwanji, bambo?"