Tibwerako Angati?

Malemu amuna anga anagwira udalaivala zaka zambiri pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kuyendetsa bwana wamkulu ndi banja lake. Tsiku lina akutsuka galimoto kuseri kwa nyumba anandiuza kuti, "Mayi, munthu akakutsegulirani chitseko cha kumbuyo n'kumati khalani mupume, muyambe mwafunsa kumene mukupita. Wokhala kumbuyo amauzidwa zoona galimoto itaima kale." Ankadziwa chimene ankanena. Anali atanyamulapo ana a bwana kukawasiya kusukulu yogonera komweko, anawo atauzidwa kuti akukagula nsapato ku Limbe.

Mawu amenewa ndinabwera nawo kuno ku London. Panthawi imene ndikunenayi ndinkakhala m'filati ya pansi ku Barking ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi nesi. Mdzukulu wanga, mtsikana wa ku yunivesite, ankabwera Loweruka. Iyeyu Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi basi. Anthu a kutchalitchi amati ndine wovuta, ndipo sindikana. Foni ya nambala yachilendo sindiyankha. Wowerenga mita ya gasi ndimamuimika panja mpaka aonetse khadi lake pazenera.

M'chilimwe chathachi awiriwa anandikhazika patebulo la kukhitchini, laputopu ili potsegula, n'kundiuza kuti andikonzera ulendo. Akuti abwereka galimoto yokhala ndi dalaivala wake, itinyamule m'mawa kupita ku Sussex, kuminda ya mphesa ya kufupi ndi nyanja. Tikaone mmene amapangira vinyo, tikadye, tibwerere madzulo. Ndinawayang'ana onse awiri. Ine mayi wa bulauzi yoyera ya kutchalitchi, vinyo ndimamudziwa wa pa mgonero yekha, wa m'kakapu kangati chala. Ndinafunsa kuti nanga sitima zatha? Mwana wanga anati kumindako sitima sifika, miyendo yanga siingapirire, ndiponso iye akufuna akalaweko vinyoyo, choncho sangayendetse yekha. Anayankha msanga kwambiri, ngati munthu amene yankho analikonzeratu ali m'basi.

Kenako mdzukulu anayamba kulemba fomu ya ulendowo. Kodi Agogo mumatha kukwera masitepe? Mumayenda mtunda wotani musanapume? Pali zakudya zimene simudya? Mumamwa mankhwala anji? Mafunso amenewa ndinkawadziwa. Mwana wanga asanalembedwe unesi m'chipatala anayamba wagwira ntchito kukeyahomu ina ku Ilford, nyumba zosungirako nkhalamba zija, ndipo mafomu olandirira anthu ankawaloweza mokweza patebulo lomweli. Ndi iye yemwe anandisimbira za bambo wina amene ana ake anabwera naye kumeneko ati adzangomwa tiyi. Bamboyo anakhala milungu yambiri pafupi ndi chitseko, atavala jekete, chipewa chili pabondo.

Tsono muphatikize ndi izi. Mwezi wapitawo ndinali nditagwa m'khitchini, ndiponso tsiku lina ndinasiya poto pakuka mpaka alamu ya utsi inalira. Kuchokera pamenepo mwana wanga anayamba kuyankhira foni m'bafa, atatsegula mpopi. Ndipo ndinali nditamva kwa amayi anzanga kuti m'matauni a m'mbali mwa nyanja makeyahomu ndi ochuluka ngati bowa wa m'dzinja. Ndinaona kuti nkhani yake ndi yoonekeratu. Akanditenga pagalimoto yabwino, akandidyetsa, akandimwetsa, kenako pobwera mpando wanga ukhala wopanda munthu.

Sindinamufunse. Munthu amene wakonza kale fomu, ukamufunsa amangokonza bodza labwinopo. Ndinangoyamba kukonzekera ulendo wanga ndekha, iwo akukonzekera wawo. Iwo ankakambirana za ola lonyamukira, za munda woyambira, za chakudya cha masana, ngati kudzagwe mvula kapena ayi. Ine ndinatenga pasipoti ndi mapepala anga onse, kukulunga m'pulasitiki, n'kuzikwirira pansi pa ndowa ya ufa. Ndinapita kwa mayi wa ku Zambia wa filati ya pamwamba kukamupempha kuti tsikulo alembe nambala ya galimoto, ndipo akaona kuti kwada ine osaoneka, aimbire abusa. Mayiyo anaseka mpaka kugwira khoma, koma anavomera. M'chikwama ndinaikamo mapiritsi a bipi a tsiku limodzi lokha. Ndinanyikanso nyemba m'madzi, kuti mtima wanga udziwe kuti pali chondiyembekeza.

Tsikulo galimoto inafika yakuda, yonyezimira, dalaivala atamanga tayi. Anatsika n'kunditsegulira chitseko cha kumbuyo. Ine ndinamulambalala, kukatsegula cha kutsogolo ndekha, ndikung'ung'udza kuti kumbuyo akhale amene akudziwa kumene tikupita. Ndinamva munthu uja akuti, "Khalani kutsogolo, Gogo, palibe mlandu." Chichewa chake chinali chopindika, chokometsera ku Chishona. Anati ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kupita kumafamu ali mnyamata, osabwereranso.

Mwana wanga atabwerera kukaona ngati wakhoma chitseko, ndinamufunsa dalaivalayo chapansipansi.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Tibwerako angati?"

Anayang'ana papepala lake. "Apa palembedwa atatu, Gogo."

"Nanga akakasintha maganizo tili komweko?"

Anandiyang'ana, kumwetulira kutachoka. "Ine ndimabweza amene ndanyamula."

Sindinganene kuti ndinamukhulupirira. Koma lamba ndinamanga.

Minda yake ndi yokongola, zimenezo sindingabise. Mizere ya mphesa imatsika chitunda molunjika ngati mizere ya tiyi ya kwathu, ndipo mphepo imabwera ndi kafungo ka mchere. Kunali mayi wachizungu wa nsapato za matope amene anatiyendetsa, kutionetsa migolo m'chipinda chozizira cha pansi. Ine sindinalowemo, ndinaima pakhomo. Kenako anatiphunzitsa kalawidwe kake: uzungulitse kapu, ununkhize, upsonthe pang'ono, ulavulire m'kandowa. Anthu aakuluakulu, ovala bwino, kulavula pamaso pa anzawo! Ine anandipatsa madzi a mphesa osawira, ndipo ndinadikira mdzukulu ayambe walawa. Maso anga sanali pa mphesa. Nyumba iliyonse imene tinkadutsa ndinkaiyang'ana ngati ili ndi zitsulo zogwirira pakhomo, ngati pazenera pali mitu ya imvi yoyang'ana kunja.

Titadya, mwana wanga anauza dalaivala kuti tidzere m'tauni ya m'mbali mwa nyanja, ndipo anamupatsa kapepala. Galimoto inakhota kawiri katatu n'kuima mumsewu wa zii, patsogolo pa nyumba ya njerwa zofiira. Pakhomo pake panali chitsulo chogwirira.

"Amayi, tsikani muone."

Ndinagwira lamba ndi manja awiri. "Sinditsika. Mapiritsi ndatenga a lero okha. Pasipoti simuipeza."

Mwana wanga ndinkamuona pagalasi, pakamwa pali yasa. Mdzukulu ndiye anayamba kumvetsa, anagwira kumaso n'kunena kanthu m'Chingerezi. Dalaivala anazimitsa injini, anatsika, n'kukaima patali akuyang'ana nyanja, manja ali kumbuyo. Amuna anganso ankatero bwana akayamba kukangana ndi akazi ake.

"Amayi," anatero mwana wanga, "milungu yonseyi mumaganiza kuti ndikudzakutayani?"

Ndinamuwerengera zonse: fomu, mafunso a masitepe, mafoni a m'bafa. Analira, kenako anaseka, kenako analiranso. Ndiyeno anafotokoza. Chipatala cha m'tauniyo chinali chitamulemba ntchito ya unesi waukulu, imene anaifunafuna zaka zambiri. Mafoni a m'bafa anali a kumeneko. Nyumbayi ndi imene ankafuna kuchita lendi, ndipo anaisankha chifukwa ili ndi chipinda chapansi, changa, choyandikana ndi bafa. Fomu ija inalidi ya galimoto. Anati akanandiuza tili ku Barking ndikanakana ndisanaone n'komwe, ndiye anaganiza kuti ndikayamba ndaona minda, ndapuma mphepo yabwino, mwina ndifewa.

Ndinamuuza kuti ndiye kuti ananamabe. Anavomera. Anati, "Inunso Amayi, munthu angakuuzeni bwanji chinthu?"

Ndinatsika. Chipindacho chinali chabwino, chowala, zenera lake loyang'ana kamunda ka kuseri. Ndinatsegula kabati, ndinayesa mpopi. Kenako ndinatuluka kukaima pageti, kuyang'ana uku ndi uku. Munadutsa anthu angapo ndi agalu awo, onse anandimwetulira mwaulemu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndikanamufunsa kumene amagulitsa chinangwa kapena usipa. Ndinafunsa za tchalitchi cha anthu akwathu, mwana wanga anati afufuza. Ine ndinasamukapo kale kamodzi ndili wamkulu, kusiya manda a amuna anga. Zinanditengera zaka kuti ndidziwe basi yoyenera, dokotala amene amamvetsera, ndi nkhope zochepa zimene ndingazitsegulire chitseko. Kuyambiranso zonsezo, mphamvu zake ndinaona kuti ndilibe.

Ndinamuuza pomwepo kuti ntchitoyo aitenge, asaisiye chifukwa cha ine, koma ine nditsala. Tinakangana njira yonse yobwerera, ine kutsogolo iye kumbuyo, mdzukulu akutiletsa m'Chingerezi. Tinabwerako atatu. Dalaivala ponditsitsa anandigwira dzanja ndi manja awiri, ngati mwana woleredwa bwino.

Mwana wanga anasamuka masamba atayamba kugwa. Amaimba foni m'mawa uliwonse asanayambe shifiti, ndipo akakhala pa ofu amakwera sitima kudzandiona. Chipinda chija akuti sanaikemo kanthu, chikundidikira. Ndamuuza kuti ndiganiza kuzizira kukatha, ndipo ndikuganizadi. Si iye anandisiya, ndinatsala ndine, ndiye kudandaula kwa iye sindingathe. Akafunsa ndimati zonse zili bwino.

Koma sizili bwino masiku onse. Pali masiku amene foni yake ikangodulidwa, sindilankhulanso ndi munthu mpaka mawa lake. Sabata yatha ndinakhala pampando wa m'bafa nthawi yaitali, mawondo atakana kundidzutsa, madzi akuzizira, foni ili kuchipinda. Ndinadzuka ndekha pamapeto pake, ndipo sindinauze aliyense mpaka pano pamene ndikulemba.

Tsono inu amene mukuwerenga izi ndipo mwandizindikira, a kutchalitchi, a ku Barking kuno, a ku Ilford, ngakhale inu a ku Croydon mukabwera kudzaona abale, muzidzera kwathu. Musavutike kunyamula kanthu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinakulandiranipo ndi nkhope yolimba, ndipo mwina ndidzateronso, musatengere zimenezo. Pakati pa sabata ndi pamene pamatalika kwambiri, makamaka Lachiwiri ndi Lachitatu. Mukapeza makatani ali chitsekere dzuwa lili pamutu, musapitirire poganiza kuti ndagona. Gogodani mwamphamvu, muitane m'Chichewa, ndipo musachoke mpaka nditayankha.